Sayirini Yaitali ya ku Corrie Creek

Corrie Creek, Tasmania
14 Malichi 1993

Wokondedwa Rodney,

Ndikhulupirira uli bwino ku Melbourne. Kuno tilipo, ine ndi bambo, ndipo mvula ikugwa monga unaisiyira.

Ndiyambe ndi nkhani yeniyeni, chifukwa ndikudziwa kuti makalata anga umawerenga tsamba loyamba lokha. Ndapeza ntchito ku laibulale yaikulu ya ku Hobart. Akufuna ndiyambe pa 1 Julaye, ndipo anena mosabisa kuti sangadikire kupitirira pamenepo, pakuti pali munthu wina amene anabwera pambuyo panga pa mayeso. Ku nyumba yosungira okalamba ya ku Burnie avomera kudzalandira bambo, koma malo sapezeka chaka chino chisanathe. Ndiye kuti kuyambira Julaye mpaka Disembala pafunika munthu wokhala nawo m'nyumba muno. Pa maliro a mayi unandiuza kuti, "Achemwali, nthawi yanu ikadzakwana, ine ndidzabwera." Yakwana. Ndiuze tsiku limene ufike.

Kuti usadzadabwe, ndikufotokozere mmene alili. Thupi lawo ndi lolimba. Adokotala akuti miyendo yawo ndi ya munthu wa zaka makumi asanu, ndipo amanena ngati ndi nkhani yabwino. Amadya bwino, amagona bwino. Mutu ndiwo ukunka nutha. Masiku ambiri amanditchula dzina la mayi. M'mawa uliwonse amavala, n'kutenga kachitini kawo ka chakudya kaja, n'kukhala pampando wa pafupi ndi chitseko kudikira kupita ku mgodi umene unatsekedwa zaka zinayi zapitazo.

"Thelma, sayirini yalira kale?"

"Siinalire, bambo. Imwani tiyi."

"Ulesi wa akapitawo amenewa. Tidzafika mochedwa, kenako adzatidula malipiro."

Amamwa tiyi, amaiwala. Poyamba ndinkawauza zoona, kuti mgodi kulibenso, koma tsiku lililonse ankaimva nkhaniyo ngati yachilendo ndipo ankalira. Tsopano ndimangoti siinalire, zimenenso si bodza.

Foni ndinaizula kukhoma chifukwa ikalira amavutika mtima, choncho usayese kuimba. Lemba. Ku kalaibulale kathu ndimapitako m'mawa katatu pa sabata, nthawi imene azakhali Beryl amabwera kudzakhala nawo. Mawondo a azakhali atha, sangachite zoposa pamenepo, ndipo si chilungamo kuwapempha.

Akupereka moni azakhaliwo. Akufunsa ngati unameta.

Mchemwali wako,
Glenys

*

Fitzroy, Melbourne
2 Epulo 1993

Achemwali anga,

Muli bwanji kumvulako? Bambo ali bwanji? Azakhali muwauze kuti sindinamete, ndipo ndikadali wowonda ngati chingwe cha gitala, asadandaule.

Hobart! Nditawerenga ndinakuwa mpaka Stavros, woimba ng'oma wathu, anatulukira m'bafa ndi sopo kumaso kuti, "Wafa ndani, mwana wa mumgodi?" Ndinkadziwa kale ine kuti mutu wanuwo sungathere pa mashelefu anayi a ku Corrie.

Nanenso ndili ndi yanga. Tsegulani kaphukusiko. Imeneyo ndi nyimbo yathu yatsopano, dzina lake "Mvula ya Kwathu". Ndi yoyamba kutuluka pa chimbale chenicheni, osati makaseti aja timagulitsa pakhomo la bala. Chimbalecho chifika m'masitolo mwezi wamawa, koma inu ndakujambulirani pa kaseti kuti mukhale woyamba kuimva, chifukwa zonsezi munaziyambitsa ndinu. Mukukumbukira? Inu muli ndi zaka khumi ndi zisanu, ine khumi, tonse pansi pa bulangeti ndi kagalamafoni kanu kofiira kaja, magitala akulira ngati macheka. Bambo kuseri akumenya khoma ndi jombo: "Tsitsani chiphokoso cha malatacho! Nyimbo imeneyo? Ndinamvapo pampu ya mumgodi ikuimba bwino kuposa pamenepo!" Inu n'kukweza pang'ono dala. Ndipo gitala yanga yoyamba munagula ndinu, mutakazinga tchipisi kwa a Pappas chilimwe chonse.

Tsono musaseke. M'nyimboyi muli lipenga. Ine amene ndinkati lipenga la bambo limalira ngati ng'ombe yachimfine, amene ndinkabisala kuseri kwa chimbudzi cha ku bwalo la mpira kuti anzanga asandione nditanyamula bokosi lawo pa tsiku la bandi ya mgodi! Sindikudziwa chimene chandichitikira. Chaka chatha ndinadutsa gulu la nkhalamba likuimba malipenga pa msika, ndinaima pamenepo mpaka anamaliza. Mmodzi wa iwo tinamukokera ku situdiyo. Anangoti, "Anyamata inu mumaimba chonchi dala, kapena zida zanu zawonongeka?" koma anaimba.

Poyambira penipeni pa nyimbo pali kanthu kena kamene sindikuuzani. Ndinakapeza pa tepi yakale imene ndinajambula ndili mwana, nditatulutsa kamakina pawindo la kuchipinda. Mukangokamva mudzadziwa kuti ndi kwathu.

Muiike mokweza, achemwali. Nyimbo ya roko saimvera monong'ona. Ndiponso munditumizireko chithunzi cha bambo atavala yunifolomu ya bandi, tikufuna tichiike pa chikuto.

Za Julaye tikambirana. Zinthu kuno zikuthamanga kwambiri moti sindikudziwa n'komwe kumene ndidzagone sabata yamawa.

Mng'ono wanu wopanda pake uja,
Rod

*

Corrie Creek
18 Epulo 1993

Rodney,

Moni. Tili bwino. Kaphukusi kafika, ndipo chithunzi cha bambo ndi ichi. Usachipinde, ndi chimodzi chomwechi.

Ndasangalala nawe, ndipo ndikunena zoona. Koma kaseti sindinaimvere. Ili pamwamba pa furiji. Ndikuuze chifukwa chake kuti usaganize zina.

M'nyumba muno makutu anga ali pa ntchito. Chitseko chakumaso chili ndi kachitsulo kamene kamati "kwe" munthu akachitsegula, ndipo ndinasiya dala kukathira mafuta. Ndikakhala kukhitchini, kubafa, ngakhale ndikuwerenga, khutu limodzi limakhala pamenepo. Kukhoma ndi kiyi ndinayesa. Anamenya chitseko ndi phewa mpaka anatupa, akukuwa kuti awatsekera pansi. Munthu amene wagwira ntchito mumgodi zaka makumi atatu sungamutsekere. Choncho chitseko chimakhala chosakhoma, ine n'kumamvetsera. Wailesi ndinasiya kutsegula m'dzinja lathali. Nyimbo ya mphindi zinayi ndi yokwanira kuti afike pa mlatho.

Unganene kuti ndikaimvere kuntchito. Kumeneko ndi ku laibulale, Rodney.

Palinso china, ndipo ndichinena chifukwa sindikonda kukunamiza. Mtsikana wa pansi pa bulangeti uja ndimamukumbukira, koma sindikudziwa ngati akanali muno. Ndinawerenga m'buku lina kuti nyimbo zimene munthu amakonda akutha msinkhu ndizo amapita nazo kumanda. Mwina ndi choncho kwa ambiri. Kwa ine, ndikaganiza bwino, sindikhulupirira kuti ndinkakonda magitalawo. Ndinkakonda kuti ankachokera kutali, kumalo kumene kunalibe fumbi la mgodi pa zovala zoyanika, ndiponso kuti ankakwiyitsa bambo. Tsopano bambo sakwiya ndi chilichonse chimene ndingachite, ndipo zimbale zija zili m'katoni pansi pa bedi. Wailesi ndisanaisiye, chimene ndinkafuna chinali piyano yokha, yoyenda pang'onopang'ono, yopanda mawu. Masiku ano chimene ndimakonda kwambiri ndi pamene mvula yaleka.

Iwe wabwerera ku lipenga, ine ndachoka ku gitala. Palibe wolakwa. Anthu amasintha, basi.

Ndidzaimvera. Ndidzaimvera m'basi yopita ku Hobart, ndi timahedifoni, mokweza monga ukufunira. Kuti zimenezo zitheke, ndikufuna tsiku. "Tikambirana" si tsiku. A ku Hobart ndawayankha kale kuti ndibwera, ndipo ndapeza chipinda kwa mayi wina wamasiye pafupi ndi doko. Basi yochokera ku Burnie imafika kuno Lachiwiri ndi Lachisanu. Sankha limodzi mu Juni.

Dzulo bambo anandifunsa kuti, "Kamnyamata kaja kali kuti?" Ndinati uli ku Melbourne, ukuimba. Iwo anati, "Kaimba chiyani kameneko? Kalibe mpweya." Kenako anaseka okha nthawi yaitali.

Glenys

*

Fitzroy
10 Meyi 1993

Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Ine ndili bwino, ngati mukufuna kudziwa.

Kalata yanu ndaiwerenga masamba onse, kawiri. Pamwamba pa furiji! Pamodzi ndi mabilu a magetsi ndi mankhwala a bambo a m'mimba. Zikomo. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikunyamula masipika m'mabala onunkha, ndikutsuka mbale masana, kuti tsiku lina ndidzakutumizireni chinthu chimodzi chimene mungati, "Eya, kamnyamata kaja kachita." Inu mukundiyankha ndi zimene munawerenga m'buku. Mphindi zinayi zokha, achemwali! Azakhali akabwera simungakhale m'galimoto mphindi zinayi? Nenani zoona: mukuona ngati ndi chiphokoso cha malata. Mwasanduka bambo, kungoti inu mumamenya khoma ndi ulemu.

Chabwino. Popeza simukufuna kuimvera nokha, muimvera ndi Corrie yense. Pamene ndinkakutumizirani kaseti ndinatumizanso ina kwa Clive Hennessy, mphunzitsi wa ku Sydney uja amene akuyendetsa kawailesi ka m'tauni. Ndamuimbira foni. Waikonda kwambiri, ndipo Loweruka pa 15, pa masewero a mpira ndi a ku Rosebery, aiika pa nthawi yopuma, pa zimkuzamawu za ku bwalo. Kunyumbako ndi pafupi, muimva ngakhale mutatseka mawindo. Chitseko mukhoza kuchiyang'ana ndi maso.

Za Juni. Sindikuthawa, koma tamvani. Wailesi yaikulu ya achinyamata yaiika nyimboyi kawiri sabata ino, ndipo atipatsa ulendo wokaimba ku Adelaide, Sydney mpaka Brisbane, Juni ndi Julaye. Zoterezi sizibwera kawiri. Ndikachoka pano, anyamata atatu ndawaphera ntchito. Simungawapemphe a ku Hobart adikire mpaka Ogasiti? Mabuku sathawa. Muwauze bwinobwino, inu mumadziwa kulemba makalata.

Pepani ngati ndalankhula mopsa mtima. Mukaimva mudzamvetsa.

Rod

*

Corrie Creek
19 Meyi 1993

Rodney mwana wa achimwene anga,

Ndine azakhali ako Beryl. Moni ndikukupatsa chifukwa amayi ako anali munthu waulemu, osati chifukwa wauyenera. Ukanakhala pafupi ndikanakukoka tsitsi lakolo mpaka ku mtsinje.

Bambo ako ali m'chipatala ku Burnie. Athyoka fupa la m'chiuno. Awachita opaleshoni, ali moyo. Glenys ali komweko, akugona pampando, ndiye ndati ndikulembere ine.

Loweruka ndinali ku bwalo ndi Dot Penhall, tikugulitsa mapayi a nyama pa kawindo kathu. Mvula inali yowaza, anyamata athu akugonja monga mwa masiku onse, mawondo ali magazi okhaokha ndi timiyala ta m'bwalomo. Itakwana nthawi yopuma, Clive uja anati pa chimkuzamawu, "Tamverani mwana wanu wa kuno!" Ine sindinamve bwino, ndinali kuwerengera mwana wina chenji. Kenako inalira.

Sayirini ya mgodi, Rodney. Yeniyeniyo, ndi kakusasa kake kaja. Ndinadikira kuti iduke. Siinaduke.

Iwe unabadwira kuno. Yaifupi katatu ndi yosinthana ntchito. Yaitali yosaduka ndi chiyani? Unali ndi zaka ziwiri pamene inalira komaliza, tsiku limene moto unabuka pansi, m'dzenje la Nambala 2, koma usandiuze kuti sunamvepo. Amuna ake a Dot, a Frank, anatuluka mmenemo atakutidwa ndi bulangeti. Amene anawanyamula ndi bambo ako.

Dot anagwetsa thireyi yonse. Anangoti, "Frank," n'kuyamba kuvula epuloni. Frank anaikidwa m'manda mu 1966! Ndinamugwira mkono ndikuti, "Dot, chitsiru iwe, mgodi unatsekedwa," koma miyendo yanga inenso inali itayamba kale kulowera kuchipata. Nkhalamba zonse za pa benchi zinaimirira. Merv Trezise anataya mowa, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire. Ana okha ndi a ku Rosebery ndiwo ankatiyang'ana ngati tapenga. Kenako magitala ako anayamba kukalipa, ndipo Merv anakuwa kuti, "Ndi nyimbo! Ndi kamwana ka Len Trembath kaja, ndikapha!" Ena anaseka, ena anakhala pansi n'kulira. Clive anatuluka m'kachipinda kake akumwetulira, akufunsa kuti, "Mwaikonda?" Dot anamuponyera botolo la sosi. Si mlandu wake, mwana wa ku Sydney angadziwe chiyani.

Glenys anali kushedi kukatenga nkhuni. Akuti itangolira anaima chilili, nkhuni zili m'manja, ngati mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene anali tsiku lija. Pamene amathamangira m'nyumba, chitseko chinali pululu. Chisoti cha bambo ako panalibe pa msomali. Iye anathamangira kumsewu wa pa mlatho. Koma achimwene sanadzere kumsewu. Anadzera njira yachidule ya anthu a mumgodi, masitepe a matabwa aja okwera kuseri kwa tchalitchi, amene palibe wapondapo chitsekereni mgodi. Ndere zokhazokha. Anavala masilipasi.

Tinawapeza pafupi ndi pamwamba, atagona chammbali, chisoti chili kumutu. Ankakana kuti tiwanyamule. Ankati, "Ndisiyeni ine, pitani mukatenge a pansi. Frank ali pansi." Dot anagwada m'matope n'kuwauza kuti, "Atuluka onse, Len. Onse atuluka." Ndi pamene analola.

Glenys akuti sanadziwe kalikonse za Loweruka. Phiri linagumukira pa msewu wa ku Burnie sabata yatha, positi siinabwere. Kalata yako ndaipeza m'bokosi dzulo, ndamutumizira osatsegula.

Sindikudziwa kuti kumeneko amakuphunzitsani chiyani. Idya, uli ngati ndodo. Ndipo ulembere mchemwali wako.

Azakhali ako,
Beryl

*

Adelaide
6 Juni 1993

Achemwali,

Kalata ya azakhali yandipeza mochedwa, inazungulira kaye. Bambo ali bwanji? Inu muli bwanji? Ndaimba foni kuchipatala, anesi akuti ali bwino koma inu munali mutatuluka.

Sindikudziwa poyambira. Pa tepi yanga yakale ija inali yaifupi, katatu, ya m'mawa. Ndikulumbira. Ku situdiyo wojambula anati ikumveka yoduladula, bwanji tiilumikize ikhale imodzi yaitali, magitala alowe ili pamwamba. Anailumikiza, tinamvera, tonse tinati ndi yokoma. Inenso ndinati ndi yokoma. Nkhani ya Nambala 2 ndimaidziwa, ndani saidziwa? Koma ndimaidziwa ngati mmene munthu amadziwira chaka cha nkhondo. M'makutu mwanga inali phokoso labwino basi.

Ndapempha kuti aichotse. A kampani akuti zimbale zatuluka kale, ndiponso anthu akuikondera sayirini yomweyo. Dzulo m'bala muno itangolira, anthu anakuwa mosangalala, manja m'mwamba. Ndinaimba nyimbo yonse ndikuyang'ana pansi. Mawa ndiimbanso.

Ndaganiza chinthu chimodzi, musandikwiyire. Popeza bambo ali kale m'chipatala ku Burnie, kodi sangawasunge mpaka malo apezeke ku nyumba ya okalamba ija? Ndi tauni yomweyo. Mukatero mungathe kupita ku Hobart pa 1 Julaye, ine n'kudzafika mu Ogasiti ulendo ukatha, kumawaona tsiku lililonse. Mwina choipachi chikhoza kutitsegulira njira. Ndiyankheni ku Fitzroy, Stavros ali ndi mlongo wake amene amatitumizira makalata.

A Dot muwauze kuti... ayi, ndiwalembera ndekha.

Rod

*

Corrie Creek
4 Julaye 1993

Wokondedwa Rodney,

Moni. Tabwerera kunyumba. Bambo akupeza bwino, bala lapola.

Ndikuyankhe mwadongosolo. Chipatala sichisunga munthu amene wachira. Ndinafunsa, ndinafunsanso. Anatitulutsa pa 22 Juni. Ku nyumba ya okalamba zinthu zasintha: malo amene ankadikira aja anali a anthu oyenda okha. Tsopano akufunika mbali ya ogona, ndipo kumeneko odikira ndi ambiri. Sakulonjeza mwezi, ngakhale chaka. A ku Hobart ndinawalembera bwinobwino monga unanenera. Anayankha mwaulemu kwambiri. Munthu winayo anayamba Lachinayi lapitali. Mayi wa chipinda uja wandibwezera ndalama zanga ndi kakhadi kokhala ndi maluwa.

Sindikulemba izi kuti uzunzike. Ndakhala ndi nthawi yambiri yoganiza pampando wa m'chipatala, ndipo mmene ndikuonera zinthu zili chonchi. Iwe unatalikitsa sayirini. Clive anaiika pa chimkuzamawu. Phiri linagumuka. Ine ndinasunga kaseti pa furiji mwezi wathunthu, pamene kungomva poyambira pokha kukanandikwanira kuti ndikuletse. Chotsapo chimodzi mwa zimenezi, bambo akanakhala akuyenda. Palibe mwa ife amene anafuna. Kudziwa zimenezi sikunandithandize kwenikweni, koma ndi zoona.

Adokotala akuti sadzayendanso. Fupa lalumikizika, koma kuti munthu ayambenso kuyenda amayenera kukumbukira zimene anaphunzira dzulo. Bedi lawo talisamutsira pabalaza. M'mawa amafunsabe za sayirini, ndipo ndimawayankha chimodzimodzi.

Nyimbo yako ndaimvera. Ndinayamba ndaipititsa patsogolo kuti ndidumphe poyambira. Maganizo anga ndi awa, popeza unawafuna. Ng'oma zachuluka. Mu ndime yachiwiri ukuti mtsinje wathu ndi wakuda. Ndi wofiirira ngati dzimbiri, wakhala choncho chibadwire iwe. Mawu ako akhwima, sindikanakuzindikira. Ndipo pamene magitala akhala chete n'kutsala lipenga lokha, pamenepo ndi pabwino. Ndi pabwino kwambiri. Kamnyamata kaja kachita.

Bambo anali maso. Lipenga litayamba ndinaona zala zawo zitatu zikuyenda pa bulangeti, zikudina monga ankachitira. Itatha anati, "Akuthamanga ameneyo. Muuze apume pakati."

"Ndi nyimbo ya Rodney, bambo."

"Rodney ali kusukulu," anatero. "Ibwereze."

Ndaibwereza kambirimbiri moti kaseti yayamba kukokeka. Ndiye pempho langa ndi ili: unditumizire ina, yopanda sayirini. Ngati nkhalamba ya pa msika ija ingalole kuimba lipenga lokha mbali yonse ya tepi, ndingathokoze. Uiuze ipume pakati.

Tsiku sindikufunsanso. Maliza ulendo wako, anyamata atatuwo asavutike. Ukafuna kubwera, masiku a basi ukuwadziwa. A Dot alandira kalata yako. Akuti uli ndi dzanja loipa ngati la bambo ako, ndipo ukadzafika udzawathandize kugulitsa mapayi masewero atatu, tsitsi utamanga.

Dzulo ndinathira mafuta pa kachitsulo ka chitseko kaja, popeza palibenso chifukwa choti kazilira. Kenako ndinatulutsa katoni pansi pa bedi. Kagalamafoni kofiira kakugwirabe ntchito. Ndinasankha chimbale chaphokoso kuposa zonse, chija unkachiopa uli wamng'ono, ndinalowa nacho kuchipinda kwathu kwakale, n'kukweza mpaka mawindo kunjenjemera. Ndinakhala pabedi masana onse ndikumvetsera, mbali yoyamba, mbali yachiwiri. Ndinazindikira mochedwa kuti sindikumvera nyimbo ayi. Ndinali kudikira jombo.

Palibe amene anamenya khoma.

Mchemwali wako,
Glenys